Zibenthu za konkire ndi njerwa zingalimbitse misewu yathu, koma osati mmene tikuzitayira lero

A Mkonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi akuluakulu a khonsolo ya mzinda wa Chipata, makhansala, a m'makomiti a CDF (thumba la ndalama za chitukuko cha dera la phungu) ndiponso onse amene akumanga nyumba m'chigawo chino cha Kum'mawa, pa nkhani ya dothi lofooka limene timamangapo misewu ndi nyumba zathu. Ndinali kapitawo pa ntchito za misewu ndisanapume, ndipo mfundo yanga ndi yakuti zibenthu za konkire ndi njerwa zochokera ku nyumba zogumulidwa, fumbi la kukwale kumene amaphwanya miyala, ndiponso phulusa la mankhusu a mpunga, zikhoza kulimbitsa malo ofooka pa mtengo wotsika. Zimatero pokhapokha zikasankhidwa, kuphwanyidwa, kuyesedwa ndi kutsenderedwa mwa dongosolo. Kungozikhuthulira m'matope monga tichitira lero sikukonza msewu ayi.

Mzinda wathu unakhala m'chigwa chozunguliridwa ndi mapiri, kotero kuti mvula ikagwa pa Kanjala ndi pa mapiri ena, madzi onse amathamangira kumunsi kukafuna Lunkhwakwa ndi timitsinje tina. Kumtunda kuli katondo, dothi lofiira limene limanyamula katundu bwino ndithu likauma ndi kutsenderedwa, koma kumunsi, m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje, muli dothi lakuda la makande. Kale anthu ankalisiyira madimba ndi ng'ombe, koma kuyambira pamene Chipata anakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, ngakhalenso izi zisanachitike, mapuloti akhala akutsetserekera kumalo amenewa chifukwa anthu achuluka ndipo malo ouma achepa. Amene anayendapo m'boma la Mambwe kupita ku Mfuwe nthawi ya dzinja amalidziwa dothi limeneli pa ukali wake wonse. Makande akamwa madzi amafufuma ndi kuterera, ndipo galimoto imatitimira mpaka m'mimba. Akauma amakhwinyata ndi kung'ambika, mwakuti pofika mu Okutobala munthu akhoza kulowetsa dzanja lonse mu mng'alu. Nyumba yomangidwa pamenepo imakwera ndi kutsika chaka ndi chaka, ndipo chizindikiro chake ndi mng'alu wopingasa wochokera pa ngodya ya zenera, kapena chitseko chimene chimakana kutsekeka mu Febuluwale koma n'kumatsekeka bwinobwino mu Seputembala. Eni nyumba ambiri amadzudzula mmisiri kapena simenti, pamene vuto lili pansi pa maziko.

Njira imene tonse tinaizolowera ndiyo kukumba dothi loipalo n'kukatenga giravulo kwina. Njirayi ndi yabwino, koma mtengo wake ukukwera chifukwa malo a giravulo wabwino apafupi ndi tauni anatha kapena anamangidwapo, ndipo pa ntchito yotere ndalama zambiri zimathera pa mafuta a matipa. Maenje okumbamo giravulo amadyanso minda ya anthu, ndipo kontirakitala akachoka osawakwirira amasanduka maiwe oswana udzudzu ndi omiza ana. Njira ina ndiyo kusakaniza dothi ndi simenti, koma simenti yathu imachokera kutali, ku Chilanga, ku Chongwe kapena ku Copperbelt, ndipo kuchokera ku Lusaka kokha kufika kuno ndi makilomita oposa 550.

Pamene tikulipira zonsezi, zibenthu tikuzitaya. Aliyense woyenda m'makomboni athu nthawi ya mvula anaonapo tipa itaima pamalo pamene magalimoto akutitimira n'kukhuthula katundu wake: zigamphu za konkire zazikulu ngati mmene zinagumukira, zina zili ndi waya wotulukira kunja, njerwa zathunthu ndi zosweka, matumba a simenti opanda kanthu, mapulasitiki, timatabwa ndi zidutswa za siling'i. Anyamata amafika ndi mafosholo, amasalaza pamwamba pokha, kenaka amaima pambali kupempha kangachepe kwa madalaivala. Kwa masiku angapo magalimoto amadutsa, ndipo anthu amati pakonzedwa. Koma pansi pa muluwo pali mipata ikuluikulu pakati pa zigamphu, ndipo galimoto iliyonse ikaponda, matope a pansi amafinyikira m'mipatamo n'kukwera pamwamba pamene zigamphu zikumira. Zina zimapendekeka n'kusiya nsonga m'mwamba, waya amaboola matayala, a njinga amayamba kulambalala, magalimoto amawatsatira, ndipo dzenje limene linali pakati pa msewu limakula mpaka kukafika pa mipanda ya anthu. Choipa koposa ndi pamene zibenthuzo zagwera m'ngalande, chifukwa madzi akasowa njira amayenda pamsewu pomwepo. Enanso amakwirira puloti ya m'dambo ndi zinyalala zosakanizika chotere n'kumangapo nyumba chaka chomwecho, osaganiza kuti matabwa ndi mapepala zidzaola n'kusiya mphako pansi pa silabu.

Konkire yakale ndi chinthu chamtengo kwa munthu wodziwa misewu. Muli miyala ya kukwale imene wina anagula kale, ndipo ikaphwanyidwa imatuluka ndi ngodya zakuthwa zimene zimalumana bwino kusiyana ndi miyala yobulungira ya mumtsinje. Mumakhalanso simenti pang'ono imene sinathe kugwira pa nthawi yomanga ija, ndipo fumbi lake likanyowa ndi kutsenderedwa limayambanso kugwira pang'onopang'ono, mwakuti msewu wotere umalimbirabe pakapita miyezi. Chinsinsi chagona pa kusakaniza misinkhu. Chitini chodzaza chimanga chimalandirabe mawere mukachigwedeza, ndipo pambuyo pa mawere chimalandiranso ufa. Chimodzimodzi zibenthu zazikulu zimafuna zapakati, ndipo zapakati zimafuna fumbi lotseka timipata totsala. Apa ndi pamene fumbi la kukwale limathandiza kwambiri. Pa msewu wa m'komboni sipafunika chibenthu choposa mamilimita 50 m'chigawo chapamwamba, ndipo katunduyo amayalidwa mochindikala mamilimita 150 okha pa nthawi imodzi, kuwazidwa madzi, kutsenderedwa ndi rola, kenaka n'kuyalanso gawo lina pamwamba pake. Kuyala mita yathunthu nthawi imodzi n'kuyendetsapo rola ndi kudzinamiza, chifukwa mphamvu ya rola sifika pansi.

Madzi a potsendera nawo ali ndi muyeso wake. Injiniya wa ku America dzina lake Ralph Proctor anaonetsa mu 1933 kuti dothi lililonse lili ndi chinyezi chake chimene limatsendereka nacho bwino koposa, ndipo muyeso wake ukugwiritsidwabe ntchito m'malabotale a misewu mpaka lero. Pamalo a ntchito kapitawo amatapa dothi n'kulifumbata mwamphamvu. Likamwazika potambasula dzanja ndiye kuti ndi louma, likasiya madzi ndi matope pa zala ndiye kuti lanyowa kwambiri, koma likaumbika n'kusweka pawiri mosanyenyeka pamene mwalithyola, nthawi yoitana rola yakwana.

Njerwa zimafuna kusamala kwina. Ndi zofewa kusiyana ndi konkire ndipo zimamwa madzi ambiri, komanso njerwa zathu zowotcha pa uvuni wa kumudzi sizipsa mofanana. Za pafupi ndi moto zimada ndipo zimalira ngwee mukazigogoda, pamene za m'mphepete zimakhala zosapsa ndipo zimasungunuka zikakhalitsa m'madzi. Zosapsazo ndi dothi chabe ndipo siziyenera kuwerengedwa. Zopsa bwino zimayenera m'chigawo chapansi cha msewu, m'njira za oyenda pansi ndiponso podzaza mkati mwa maziko a nyumba, koma pamwamba pa msewu wodutsa malole zimaperesedwa n'kusanduka fumbi, pokhapokha zitasakanizidwa ndi konkire yophwanya yochuluka. Pa uvuni uliwonse pamatsala mulu wa njerwa zosweka umene mwini wake sadziwa kochita nawo, ndipo milu imeneyi ili ponseponse kuyambira ku Katete mpaka ku Lundazi.

Zimenezi si zachilendo kwina. Mayiko a mu European Union anagwirizana mu 2008 kuti pofika 2020 magawo 70 pa 100 aliwonse a zinyalala zosaopsa za ntchito yomanga ndi kugumula azigwiritsidwanso ntchito, ndipo dziko la Netherlands linapitirira magawo 90, zambiri mwa izo zikulowa pansi pa misewu. Ndikunena izi chifukwa ndikudziwa kuti ena adzati anthu a kukomboni akupatsidwa zinyalala pamene a kumayadi akupatsidwa phula. Anthu a ku Netherlands sachita izi chifukwa cha umphawi, ndipo pansi pa phula la msewu uliwonse wabwino pamafunikabe chigawo cholimba chonyamula katundu, chimene zibenthu zokonzedwa bwino zikhoza kukhala.

Komabe pa makande enieni zibenthu zokha sizikwanira, chifukwa dothi la pansi lipitiriza kufufuma ndi kukhwinyata n'kuswa chilichonse chili pamwamba pake. Pamenepa pamafunika kusintha khalidwe la dothilo, ndipo mankhwala ake ndi laimu. Laimu akasakanizidwa ndi makande onyowa, timbewu ta dothi timene timakoka madzi timagwirana n'kukhala timibulu, ndipo pasanathe tsiku dothi limene linkamata pa fosholo limayamba kuyoyoka. Pambuyo pake, kwa masabata ndi miyezi, laimu uja amadyana ndi silika (chinthu chimene chimapanga mchenga) wa m'dothi n'kupanga chomatira chofanana ndi cha simenti. Kawirikawiri pamafunika magawo 3 mpaka 6 pa 100 aliwonse a kulemera kwa dothi louma. Malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, okumbidwa mamilimita 150, ali ndi dothi lolemera pafupifupi makilogalamu 250, kotero pa magawo 4 pamalowa makilogalamu 10 a laimu. Ndichenjeze pano kuti laimu wothira m'munda, uja alimi amagula pofuna kuchepetsa asidi m'nthaka, ndi mwala wongopera ndipo sagwira ntchito imeneyi ngakhale mutathira matumba angati. Wofunika ndi laimu wowotchedwa, wa mtundu wa njereza yopaka nyumba. Laimu ameneyu amawotcha khungu ndi maso, ndipo ogwira ntchito ayenera kuvala magolovesi, majombo, magalasi ndi zotchinga kukamwa.

Phulusa la mankhusu a mpunga limathandiza laimu ameneyu. Ku Chama, ku Lundazi ndi ku Mambwe kumalimidwa mpunga, ndipo kuseri kwa zigayo zake kumakhala milu ya mankhusu imene imangofuka utsi masiku ambiri chifukwa mankhusu savunda msanga. Akapsa bwino ndi moto wodekha, wosapitirira madigiri 700, amasiya phulusa lotuwa limene gawo lake lalikulu, kuposa magawo 80 pa 100, ndi silika wokonzeka kudyana ndi laimu. Phulusa lakuda ndi losapsa, lodzaza makala, ndipo silithandiza kwenikweni. Lopsa ndi moto waukali kwambiri nalonso limataya mphamvu yake. Pa lokha phulusali silimanga kanthu, koma pamodzi ndi laimu limawonjezera kulimba ndipo limalola kuchepetsako laimu wogula. Ngakhale fumbi la njerwa zopsa limachita chimodzimodzi, ndipo Aroma akale ankalisakaniza ndi laimu pomanga zitsime ndi ngalande zawo. Koma tisadzinyenge pa kuchuluka kwake. Pa tani imodzi ya mpunga wosapuntha pamachoka mankhusu pafupifupi makilogalamu 200, ndipo mankhusu amenewo akapsa amasiya phulusa pafupifupi makilogalamu 40 okha. Sitingamange nalo msewu wa ku Chama, koma likhoza kukwanira pokonza polowera pa kalavati, pabwalo la msika kapena panjira yopita kusukulu ndi kuchipatala cha kumudzi, kufupi ndi kumene phulusalo likupezeka.

Mawu akuti kufupi ndi ofunika pa nkhani yonseyi. Dziko lathu lili ndi zotsalira za m'mafakitale zochuluka zimene mainjiniya amazitama: phulusa la malasha la ku Maamba, kumene malo opangira magetsi a mamegawati 300 anayamba kugwira ntchito mu 2016, ndiponso zotsalira za m'ng'anjo zosungunulira mkuwa monga za pa Black Mountain ku Kitwe. Koma Maamba ali m'boma la Sinazongwe, makilomita oposa 800 kuchokera kuno, ndipo chinthu chaulere chikayenda mtunda wotere pa lole chimafika chodula kuposa giravulo wa ku Chiparamba. Zimenezo zithandize a kumwera ndi a ku migodi, ife tiyambe ndi zimene zili pakhomo pathu.

Pali chifukwa chinanso chosathamangira chilichonse chotchedwa chotsalira cha fakitale. Mgodi wa mtovu wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a ku Kasanda, ku Makululu ndi ku Chowa akupezeka ndi mtovu m'magazi chifukwa cha fumbi ndi dothi lochokera ku milu ya zotsalira za mgodiwo. Chinthu chikalowa mumsewu wafumbi, ana amasewerapo, mphepo imachiulutsira m'nyumba, ndipo mvula imachikokolera m'zitsime. N'chifukwa chake zotsalira za mgodi kapena fakitale iliyonse ziyenera kuyesedwa ndi kuvomerezedwa ndi ZEMA, bungwe limene lamulo la zachilengedwe la 2011 linalipatsa udindo umenewu, zisanathiridwe pamene anthu akukhala. Ngakhale m'zibenthu za nyumba zathu muli zoyenera kuchotsedwa. Malata akale a asibesitosi, amene anafolera nyumba zambiri za boma ndi masukulu, sayenera kuphwanyidwa konse chifukwa fumbi lake limawononga mapapo ndipo limayambitsa khansa patapita zaka zambiri. Mabodi a siling'i a jipisamu akakumana ndi laimu kapena simenti m'dothi lonyowa amapanga mchere wofufuma umene umatukula msewu n'kuung'amba, ndiye kuti ntchito yonse yolimbitsa ija yabwerera m'mbuyo. Konkire ya pansi pa galaja yomwa oilo isayandikire madzi, ndipo ngakhale konkire yoyera yophwanya isaunjikidwe pafupi ndi chitsime kapena dziwe la nsomba, chifukwa madzi odutsamo amatuluka ndi ukali wa laimu.

Zonsezi zimagwa ngati madzi sanapatsidwe njira. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo ife amene timakondwa ikagwa mu Novembala tiyenera kudziwa kuti ikhala nafe mpaka Epulo. Msewu uyenera kukhala wokwera pakati kuti madzi atsetserekere m'mbali, ngalande zikhale zakuya kuposa chigawo cholimbitsidwacho, ndipo makalavati aikidwe pamene madzi amadutsira mwachibadwa, osati pamene pali posavuta kukumba. Msewu wa giravulo wamba wokhala ndi ngalande zabwino umakhalitsa kuposa wa laimu wokhala m'thamanda.

Kuyesa nakonso sikodula monga ambiri aganizira. Pali chipangizo chotchedwa DCP, chimene ndi ndodo yachitsulo ya nsonga yosongoka ndi nyundo ya makilogalamu 8 imene imagwetsedwa kuchokera pa mamilimita 575. Anthu atatu amakwanira: wina kugwira ndodo, wina kukweza nyundo, wina kulemba kuti ndodo yalowa mamilimita angati pa kugunda kulikonse. Pa makande onyowa ndodo imamira ndi kugunda kowerengeka chabe, pamene pa chigawo chotsendereka bwino imalowa pang'onopang'ono mpaka wokweza nyundo kutuluka thukuta. Manambala amenewo injiniya amawasandutsa muyeso wa CBR umene umasonyeza mphamvu ya dothi, ndipo akayesa ntchito isanayambe ndi itatha, palibe amene anganame kuti walimbitsa malo pamene wangowaphimba. Kuchuluka kwa laimu kokha ndiko kumafuna labotale, chifukwa makande a malo awiri safanana, ndipo dothi lodzaza mizu ndi zoola limakana laimu.

Pempho langa kwa khonsolo ndi lakuti ipatule malo amodzi kunja kwa tauni olandirirapo zibenthu zokhazokha, zosiyana ndi za kudzala la zinyalala, ndipo aliyense wolandira chilolezo chogumula kapena kumanga auzidwe kuti zibenthu zake zipite kumeneko zitasankhidwa kale. Lamulo la 2018 loyendetsa za zinyalala linaika ntchito imeneyi m'manja mwa makhonsolo, kotero mphamvu ilipo. Ndalama nazonso zilipo kusiyana ndi kale, popeza CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, ndipo yakhala ikukwerabe. Madera ambiri agula magiledala ndi ndalama zimenezi, koma giledala imangosalaza. Popanda rola ndi thanki yowazira madzi, dothi losalazidwalo limapita ndi mvula yoyamba. Kamakina kakang'ono kophwanyira miyala kakhoza kuikidwa pa malo olandirira aja, ndipo ngakhale kasanagulidwe, amayi ndi abambo amene amakhala m'mbali mwa misewu kuswa miyala ndi nyundo akhoza kulembedwa ganyu yophwanya zibenthu, atapatsidwa magalasi ndi zotchinga fumbi. Konkire yakale ndi yofewa kusiyana ndi mwala wa m'phiri umene amalimbana nawo tsiku lonse, ndipo mapiri athu angapumeko kukumbidwa. Phula lakale lopalidwa pokonza misewu ikuluikulu monga Great East Road nalonso lisamangounjikidwa m'tchire, chifukwa likayalidwa ndi kutsenderedwa nthawi yotentha limagwirana bwino ndipo limachepetsa fumbi; apa khonsolo ndi a RDA, bungwe la boma loona za misewu, akhoza kumvana.

Chotchinga china chili m'mapepala a makontirakiti. Pepala likanena kuti pathiridwe giravulo wa m'dzenje, kontirakitala sangabweretse konkire yophwanya ngakhale itakhala yolimba kuposa giravuloyo, chifukwa salipidwa. Ndi bwino pepala lizinena mphamvu imene chigawo chilichonse chiyenera kufikapo poyesedwa ndi zinthu zoletsedwa kulowamo, kenaka kontirakitala asankhe yekha chotsika mtengo pa zovomerezekazo.

Kwa omanga nyumba zawo ndinene mwachidule kuti zibenthu zosankhidwa ndi zotsenderedwa m'magawo ang'onoang'ono ndi zabwino podzaza mkati mwa maziko musanathire silabu, koma maziko enieniwo asakhale pa dothi lothira. Akumbidwe mpaka pa nthaka yolimba, ndipo pa makande funsani injiniya musanagule ndi thumba limodzi lomwe la simenti. Kuzungulira nyumba kukhale khonde la konkire lotaya madzi a padenga kutali ndi khoma, ndipo mitengo yomwa madzi ambiri monga bulugamu isabzalidwe pafupi.

Sindikupempha kuti misewu yonse isinthidwe nthawi imodzi. Khonsolo isankhe kachigawo kamodzi ka mamita 200 pamalo odziwika ndi kutitimira, ikagawe patatu, kwina ithire giravulo monga mwa masiku onse, kwina konkire yophwanya yosakaniza ndi fumbi la kukwale, kwina makande a pomwepo osakaniza ndi laimu ndi phulusa, konseko ngalande zikhale zofanana. Ntchitoyi ichitike pakati pa Meyi ndi Okutobala, pamene dothi lili lotheka kuligwira ndipo laimu ali ndi nthawi yolimba mvula isanabwere. Mtengo wa chigawo chilichonse ulembedwe, DCP ipite pamenepo ntchito ikangotha ndiponso dzinja likatha, ndipo zotsatira zake zisindikizidwe m'nyuzipepala ino kuti makomiti a CDF a ku Chadiza, ku Vubwi, ku Kasenengwa ndi ku Chipangali akhale ndi manambala a dothi la kwathu kuno posankha mmene angagwiritsire ntchito ndalama za misewu za chaka chamawa.

Ine wanu,
Kapitawo wa za misewu wopuma pa ntchito,
Kapata, Chipata